Maenje a njerwa ndi migodi: kodi nthaka yokumbidwa imadzukanso?

Mwezi watha, titamaliza msonkhano wa kalabu ya alimi, mayi ena achikulire anandikokera pambali n'kundipempha kuti ndikaone munda wawo. Tinatsetsereka pang'ono kulowera kudambo. Chimene ndinakapeza kumeneko si munda, koma maenje asanu ndi limodzi, ena ofika m'chiuno, limodzi lobisa munthu wamkulu ataimirira. Chapambali panali mulu wa zidutswa za njerwa ndi phulusa, pomwe panali uvuni. Malemu amuna awo anabwereketsa malowo kwa anyamata oumba njerwa kwa zaka ziwiri pofuna fizi ya mwana. Anyamatawo anaumba, anawotcha, anagulitsa, n'kumapita. Ndalama inatha kalekale. Maenje ndiwo anatsala.

"Alangizi, tandiuzeni zoona," anatero mayiwo. "Pamenepa padzameranso chimanga ine ndili moyo?"

Funso limeneli si la mayi amenewa okha. Mukayenda m'midzi yozungulira Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu muona maenje a njerwa paliponse. Onjezerani pomwe anakumba mchenga, pomwe amaphwanya miyala ya kwale, pomwe omanga msewu anatapa dothi, ndi maenje a ofuna golide omwe achuluka zaka zino. Malo olima akuchepa, ana akubadwa, ndipo ambiri a inu mwayamba kuyang'ananso malo omwe kale munawataya.

Yankho langa ndi lakuti inde, nthaka yokumbidwa imadzuka, ngakhale popanda munthu kuigwira. Koma imadzuka pa liwiro lake, osati lanu, ndipo ntchito ya mlimi ndi kuifulumizitsa. Palinso malo ena omwe amabiriwira bwinobwino pamene pansi pali poizoni. Tiyeni tizione zonsezi bwino.

Pitani mukaone dzenje lakale

Sukulu yabwino pankhaniyi ndi dzenje lomwe linasiyidwa zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Pitani mukakhale m'mphepete mwake muyang'anitsitse. Muona kuti msipu sunayambire paliponse. Unayambira pansi penipeni, pomwe madzi a mvula amasonkhanitsa matope, zinyalala ndi njere zochokera kumtunda. Chaka choyamba pamaoneka ndere ndi timaudzu tosadziwika dzina. Kenako chisoso chimafika, poti njere zake zimakwera pa ubweya wa mbuzi ndi pa zovala zathu. Bonongwe amakonda paphulusa pomwe panali uvuni. Kapinga amayanga kuchokera m'mbali, akugwira dothi ndi mizu pa mfundo iliyonse. Nsatsi nazo sizichedwa. Ngati madzi amakhalitsa, mupeza bango, achule ndi atombolombo.

Zomera zoyambazi sizikhalitsa, koma zikafa zimasiya masamba ndi mizu yoola. Chiswe chimabwera kudzadya zouma, n'kuboola timayenje tomwe madzi amaloweramo. Tsekera akamera, mthunzi umayamba, dothi silipsanso ndi dzuwa ngati kale. Apumbwa akatera pa nthambi ya nsatsi amasiya zitosi zokhala ndi njere za gwafa ndi nkhuyu. Mileme imachitanso chimodzimodzi usiku. Ziweto zodzamwa madzi zimasiya ndowe zomwe muli njere za mitengo ya minga ngati mthethe. Palibe wabzala, koma pakutha pa zaka zingapo kathengo kayamba.

Tsopano kwezani maso muone makoma a dzenjelo. Adakali mbee, ofiira ngati tsiku lomwe anakumbidwa. Njere ikagwerapo imagubuduka, madzi akagwa amatsetsereka n'kukokolola kalikonse komwe kanayesa kumera. Kumbukirani khoma limeneli, tibwererako.

Chimene woumba njerwa amachotsa si dothi chabe. Nthaka yapamwamba, yakuda ija, yomwe m'minda yambiri kuya kwake sikupitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndimo muli moyo wonse wa munda: zoolerana, nyongolotsi, njere, ndi tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timasandutsa zinyalala kukhala chakudya cha mbewu. Pansi pake pali dothi lolimba, losowa mpweya, losauka nayitrojeni ndi fosiforasi. Kuti thanthwe lisanduke sentimita imodzi ya nthaka pamatenga zaka mazanamazana. N'chifukwa chake mlimi amene amathamangira kuthira thumba la feteleza m'dzenje la njerwa n'kubzala chimanga amabwerako akudandaula. Mizu imalephera kuboola, madzi amangodikha pamwamba, chimanga chimachita chikasu chisanafike m'mawondo. Vuto si kuchepa kwa feteleza. Ndi kusowa kwa nthaka.

Zomwe zinachitika ku Bamburi

Chitsanzo chomwe ndimakonda kufotokozera alimi chili ku Kenya, kumpoto pang'ono kwa mzinda wa Mombasa, m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumeneko kuli fakitale ya simenti ya Bamburi, yomwe inayamba kupanga simenti mu 1954. Miyala ya laimu yopangira simentiyo amaikumba pompo, monga momwe kwathu kuno ankachitira ku Changalume ku Zomba. Akachotsa dothi lapamwamba, amakumba mwalawo mpaka kutsala pang'ono kufika pa madzi a pansi, omwenso ndi amchere. Chotsala chimakhala chigwa cha thanthwe loyera, lothobwa m'maso masana, lotentha, lopanda dothi ngakhale lodzaza chipande. Dzenje lanu la njerwa ndi dimba poyerekeza ndi malo amenewo.

Mu 1959 kampaniyo inalemba ntchito katswiri wa zaulimi wa ku Switzerland, René Haller, kuti azilima ndiwo zamasamba ndi zipatso zodyetsa ogwira ntchito. Mu 1971 mkuluyu anayamba kuyesa kubzala mitengo m'chigwa cha miyala chija. Anayesa mitundu 26. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mitundu itatu yokha ndiyo inali moyo: kokonati, mtengo wina wa kumadera ouma a ku Somalia wotchedwa Conocarpus, ndi casuarina. Taganizani, mitundu 23 yonse kufa. Ambiri a ife tikanatolera makasu n'kunena kuti malowa ndi otembereredwa.

Wopambana onse anali casuarina. Mtengo umenewu umaoneka ngati paini, timasamba take ndi tonga singano, umapirira mchere ndi chilala, ndipo umamera ngakhale pamchenga wa kugombe. Chinsinsi chake chili kumizu. Uli ndi timibulu momwe mumakhala tizilombo totenga nayitrojeni mumpweya n'kumupereka ku mtengo, monga momwe zimakhalira pa mizu ya soya, mtedza ndi nandolo. Ndiye kuti mtengowo umayenda ndi feteleza wakewake. Pathanthwe lopanda moyo tizilombo timeneti panalibe, choncho mbande zinkayenera kubwera nato kuchokera pa mizu ya mitengo ikuluikulu. Inu amene munasakanizapo mbewu ya soya ndi inokulanti musanabzale mukudziwa kale nzeru imeneyi.

Mitengo itakula, vuto lina linabuka. Timasamba touma tinkagwa n'kuunjikana pansi, koma osaola. Muli mankhwala owawa otchedwa tannin, omwe tizilombo toolesa zinyalala timalephera kulimbana nawo. Pansi pa mitengo panali mphasa ya singano zouma, pansi pa mphasayo thanthwe lomwe lija.

Tsiku lina Haller anaona bongololo wakuda wa miyendo yofiira, wa mtundu wopezeka m'tchire la m'mbali mwa nyanja kumeneko, akudya timasamba touma tija. Anatolera abongololo ambiri n'kuwatulutsa m'nkhalango yake yatsopano. Pokhala ndi chakudya chochuluka komanso adani ochepa, anaswana kwambiri. Zitosi zawo zinali zosavuta kuola, ndipo pang'onopang'ono pamwamba pa thanthwe panayamba kuyalana dothi lakuda, lofewa, losunga chinyezi. Nthaka yoyamba ya nkhalango imeneyo inadutsa m'mimba mwa bongololo, kachilombo komwe ife timakaponda tikakaona pakhomo. (Sindikunena kuti mukatole abongololo mukathire m'munda wa mbatata kapena mtedza. Akasowa zouma zoti adye amaboola mbatata ndi kudula mbewu zongomera.)

Dothi litapezeka, zina zonse zinatsatira. Bowa ndi chiswe zinafika zokha. Mbalame, mileme ndi apusi anabweretsa njere za mitengo yachilengedwe, ndipo ogwira ntchito anabzala mitundu ina yambirimbiri ya m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja pansi pa mthunzi wa casuarina. Mitengo ya casuarina ina ankaidula n'kugulitsa ngati milimo ndi nkhuni, ina itakalamba inkagwa yokha poti mizu yake sinkalowa kwambiri m'thanthwe. Inali itagwira kale ntchito yake yokonzera anzake malo. M'malo otsika anakumba maiwe n'kuikamo nsomba za mtundu wa chambo. Madzi ochokera ku nsomba ankawadutsitsa m'minda ya mpunga, mpunga n'kudya chonde, madzi n'kuyera. Kenako kunabwera mvuu, ng'ona, nchefu ndi akadyansonga. Mu 1999 malowa anawatcha Haller Park, ndipo lero anthu amalipira pachipata kuti akaone nkhalango yomwe inamera pomwe kale panali mwala wokhawokha.

Tisanamizane, Haller anali ndi kampani kumbuyo kwake, yomulipira malipiro, yomupatsa antchito ndi makina. Madzi anali pafupi. Anali ndi zaka makumi angapo zoyesera ndi kulakwitsa. Mayi anga a maenje asanu ndi limodzi aja alibe zonsezi. Koma ndondomeko yake ndi yomwe ija mwaiona pa dzenje lakale la m'mudzi mwanu, kungoti iye anaiyendetsa mofulumira: choyamba chomera chopirira chomwe chimadzipezera chokha nayitrojeni, kenako zinyalala zophimba pansi, kenako tizilombo toolesa zinyalalazo, ndipo mbewu zosankha malo zimabwera kumapeto. Musavutike kufunafuna casuarina. Kwathu kuno tili nazo zathu zogwira ntchito yomweyo: nandolo, kalongonda, ombwe, jerejere, gilisidiya, mthethe ndi msangu.

Kubiriwira si kuchira

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse, chifukwa cholakwika chake chimagwera ana. Ku Bamburi anangochotsa mwala, sanasiye poizoni. Si migodi yonse ili choncho.

Kwa anansi athu ku Zambia kuli tauni ya Kabwe, yomwe kale inkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi ndi ng'anjo zake zinagwira ntchito pafupifupi zaka 90 mpaka kutsekedwa mu 1994. Utsi ndi fumbi zinamwaza mtovu m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo, ndipo phiri la zotsalira za m'ng'anjo, lomwe amalitcha Black Mountain, lidakalipo. Papita zaka zoposa 30 chitsekereni, udzu umamera, mitengo ilipo, anthu amalima timadimba kuseri kwa nyumba. Koma ofufuza akayeza magazi a ana a m'makomboni amenewo amapeza mtovu wochuluka moopsa, ndipo anaupezanso m'ziwindi za nkhuku zoyenda zokha zomwe zimapalasa dothi lomwelo.

Mtovu suola. Ndowe zimaola, mapesi amaola, koma mtovu ukalowa m'nthaka umakhala momwemo mibadwomibadwo. Mwana amaumeza posewera pafumbi n'kuika zala m'kamwa, kapena podya ndiwo zamasamba zomwe zamatirira dothi. Umaononga ubongo womwe ukukula, mwana n'kumavutika m'kalasi, ndipo a zaumoyo amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe tinganene kuti ndi wosavulaza. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndi maso simungausiyanitse munda woterewu ndi wabwino.

Zomera zina zimachita kukonda nthaka yotere. M'chigawo cha migodi ya mkuwa ku Zambia komweko muli kaduwa komwe akatswiri amakatcha Becium homblei, kamene kamamera pomwe mkuwa wachuluka m'dothi moti zomera zina zimalephera. Ofufuza miyala ankakagwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha pomwe pali mkuwa. Ndiye mukaona pamalo pamera zinthu, musafulumire kunena kuti pachira. Funsani kaye kuti pamera chiyani, ndipo kale pankachitika chiyani.

Kwathu kuno samalani ndi malo awa. Milu ya zotsalira za mgodi wa malasha, monga ya kumapiri a ku Rumphi ndi Karonga, nthawi zina imakhala ndi miyala ya sulufule yomwe ikakumana ndi mvula ndi mpweya imatulutsa madzi a asidi. Mukaona madzi otuluka pamulu wotere akusiya dzimbiri lofiirira pa miyala, musathirire nawo mbewu kapena kumwetsa ziweto. Pomwe otsuka golide agwiritsa ntchito mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija, musaikepo nsomba, chifukwa mercury amakhazikika m'matope n'kulowa m'mnofu wa nsomba. Ndipo musaiwale za m'tauni: pomwe panali galaja, makamaka pomwe ankaswerapo mabatire a galimoto, pamakhala mtovu womwe uja wa ku Kabwe. Ndaonapo mpiru wokongola pamalo otere, ndipo sindinaugule.

Malo amtundu umenewu afunika kuphimbidwa, osati kudyedwa. Bzalanipo udzu wogwira dothi kuti fumbi lisauluke, ndi mitengo ya milimo kapena matabwa. Ndiwo zamasamba, mbatata, chinangwa ndi msipu wa ziweto, ayi. Ana asasewerepo. Ngati mukufunitsitsa kulimapo, kambani ndi mlangizi wa dera lanu kuti dothi likayezedwe, ndipo munene poyera kuti mukufuna ayeze zitsulo zoopsa, poti kuyeza kwa masiku onse kumangoona za chonde.

Nanga maenje a njerwa titani nawo?

Mwayi wake, maenje ambiri omwe alimi mumandionetsa ndi a njerwa, mchenga ndi dothi la msewu. Amenewa alibe poizoni, angosowa nthaka. Ntchito yake iyambike tsopano, mvula isanagwe.

Yambani ndi khoma lija. Ligumuleni ndi khasu ndi piki kuti likhale lotsetsereka pang'onopang'ono, loti mwana kapena mbuzi ikagweramo itha kutuluka yokha. Ichi chokha n'chifukwa chokwanira chogwirira ntchitoyi, poti chaka ndi chaka timamva za ana omira m'maenje otere nthawi ya dzinja. Pogumula, dothi lakuda la m'mphepete liikeni padera, lofiira ligwere pansi, lakudalo libwere pamwamba pomaliza. Zidutswa za njerwa musataye. Ziyaleni pomwe madzi amalowera m'dzenje kuti asakumbe chigwembe chobwerera kumunda wa kumtunda. Pansi pa dzenje, pomwe anyamata ankapondaponda matope, pamakhala polimba ngati simenti. Tipulani mwakuya kuti muswe chikhakha chimenecho.

Kenako gwirani madzi ndi dothi. Mvula ikakhazikika, bzalani vetiva mopingasa chitsetserekocho, mzere umodzi pamwamba, wina pakati, kusiya masentimita 10 mpaka 15 pakati pa mapando. Mizu ya vetiva imalowa pansi mamita awiri kapena kuposa, ndipo udzuwu sufalikira m'munda ngati kapinga. Mzere ukatsekana umasefa madzi, dothi n'kumatsalira kumbuyo kwake.

Chachitatu ndicho chachikulu: dyetsani nthakayo. Chilichonse chomwe chimaola chipite kumeneko. Mapesi a chimanga, masangwi a mtedza, makoko a nandolo, masamba osesa pabwalo, udzu wofolera wakale, zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi. Phulusa la pauvuni limwazeni mopyapyala, osaliunjika pamodzi. Manyowa anu sangakwane malo onse, ndiye musawamwaze. Kumbani mapando, muthire manyowa odzaza manja awiri pa phando lililonse, ndipo onjezeranimo kadothi kochokera m'munda wachonde kapena pansi pa mtengo wa msangu. Kadothi kameneko kamabweretsa tizilombo tija tomwe dzenje lilibe, monga Haller anachitira ndi mbande zake. Chiswe chikabwera kudzadya mapesi musachithamangitse. Pamalo otere chiswe ndi waganyu wosalipidwa.

Chaka choyamba iwalani za chimanga. Bzalani nandolo, yemwe muzu wake umaboola dothi lolimba, amagwetsa masamba ambiri, komanso amakupatsani ndiwo. Pakati pake mutha kuyangitsa kalongonda kuti aphimbe pansi, kungoti muzimuduladula asakwere pa nandolo n'kumupanikiza. Ombwe ndi jerejere nazonso ndi zabwino, ndipo jerejere amapirira pomwe madzi amadikha. M'mbali bzalani gilisidiya kuti muzisadza masamba ake n'kumakwirira. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma pamalo ouma chonchi musadikire kumapeto. Mbande ilowe pansi mvula ikangokhazikika, m'dzenje lalikulu la masentimita 60 mulifupi, mulitali ndi kuya komwe, losakaniza manyowa ndi dothi lakuda. Ngati pali chitsa chomwe chikuphukira, chisamaleni koposa mbande yogula, chifukwa mizu yake ili kale pansi. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani.

Dzenje lakuya kwambiri musalimbane nalo kuti mulikwirire lonse, mungathyoke msana pachabe. Lioneni mmene limasungira madzi. Ngati amaphwa pakangopita masiku ochepa mvula itagwa, thiranimo zinyalala zoola n'kubzala nthochi, nsenjere kapena nsungwi, zomwe zimakonda chinyezi. Ngati amakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, itanani mlangizi wa za nsomba adzaone ngati lingakhale dziwe la makumba kapena chilunguni. Nsomba zimathandizanso kudya mphutsi za udzudzu. Koma dziwe limafuna mpanda chifukwa cha ana, ndiponso kulambula udzu wa m'mbali momwe mumabisala nkhono zofalitsa likodzo. Chenjezo lina: ombwe asayandikire dziwe la nsomba. Masamba ake ndi omwe aja makolo ankaphera nsomba m'mitsinje. Namasupuni nayenso musamubweretse ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Za iye akakuuzeni a m'mbali mwa Shire.

Adani a ntchito yonseyi ndi awiri, moto ndi mbuzi. Moto wa osaka mbewa umatha kupsereza m'mphindi zochepa zinyalala zomwe mwatuta chaka chonse, ndipo mbuzi za chilimwe sizisiya kamtengo kanthete. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo udzu usanaumiretu, tchingani ndi minga, ndipo nkhani ya ziweto zongoyendayenda ikafike kwa amfumu. M'midzi momwe mfumu inaikapo lamulo n'kumalitsata, ndaona malo ogumuka akubwerera msanga kuposa momwe munabzalidwa mbande zambiri koma popanda woletsa mbuzi.

Kwa inu amene simunakumbitse

Chilimwe chino anyamata a zikombole akuyendayenda kufuna malo, ndipo sindikuuzani kuti muwakanize nonse, poti mavuto a pakhomo ndimawadziwa. Koma musanalandire ndalama, werengani kuti malowo amakupatsani matumba angati pachaka, muchulukitse ndi zaka zinayi kapena zisanu zomwe mudzakhale osakololapo chimanga. Nthawi zambiri mupeza kuti mukugulitsa ng'ombe pamtengo wa nkhuku.

Mukavomera, pangano likhale pamaso pa amfumu ndipo lilembedwe. Dothi lakuda lapamwamba, masentimita 20 mpaka 30, alipale kaye n'kuliunjika pambali. Kwa woumba dothi limeneli ndi lachabe, njerwa yake imafumbutuka chifukwa cha mizu ndi zinyalala, pamene kwa inu ndiye munda weniweniwo. Mulu umenewo muuphimbe ndi udzu kapena mubzalepo nyemba zoyanga, ndipo usakhale zaka zambiri, chifukwa moyo wa m'kati mwake umafa ukasowa mpweya. Gwirizanani za kuya komwe sayenera kupitirira. Akamaliza agumule makoma, asalaze, abwezere dothi lakuda pamwamba, ndipo njerwa zomaliza zisachoke pamalopo ntchito imeneyi isanachitike. Makampani a migodi amalamulidwa kukonza malo akamaliza kukumba. Palibe chifukwa choti pamunda panu pakhale posiyana.

Mayi aja ndinawayankha mosabisa. M'maenje anayi osaya, akagwira ntchito monga tafotokozeramu, nandolo adya chaka chino chomwe, ndipo chimanga angadzayese pa dzinja lachitatu kapena lachinayi, m'mapando a manyowa, osayembekezera nkhokwe yodzaza poyamba. Lachisanu tagwirizana kuti likhale la nthochi. Lakuya lija tiliona kaye dzinja lino kuti madzi akhalamo mpaka mwezi uti, koma minga yotchinga ana iikidwe mvula isanagwe. Adzukulu awo awiri ayamba kugumula makoma Loweruka likudzali, ndipo ine ndalonjeza kukawapemphera vetiva kwa alimi a kalabu ya kutsidya, omwe mizere yawo yakula yofunika kupatulira.